ZA M'MAIKO ENA: Ciarabu ca ku Juba, Cinenero Cobadwira m'Linga la Akapolo

Akuluakulu amene anakagwirako nchito ku migodi ya ku Wankie kapena ku Joni, ngakhalenso ku mafamu a Azungu m'masiku a utsamunda, akali kukumbukira Cilapalapa, cimene ena anali kucicha Cikabanga. Cinali cinenero ca "buya lapa" ndi "aikona," comangidwa ndi mau ambiri a Cizulu pamodzi ndi ena a Cingerezi ndi Cibunu. Kapitao anali kulamula naco, wanchito nayankha naco, koma dzuwa likalowa yense anali kubwerera ku cilankhulo ca kwao. Panalibe mai amene anatonthoza naco mwana wake kumbuyo, ndipo panalibe mnyamata amene anafunsira naco mbeta. Cifukwa ca ici Cilapalapa cinazilala m'dziko la Zambia. Ku Migodi cinagonjera Cibemba, ndipo lero cimangomveka pakamwa pa okalamba akamasimba za kale.

Akatswiri a zilankhulo amacha cinenero cotere kuti pijini. Pijini imabadwa pamene anthu a mitundu yosiyana akakamizika kukhala pamodzi, alibe cilankhulo cimodzi comvanirana, ndiponso alibe nthawi kapena mpata wophunzirira bwino cilankhulo ca amene awalamulira. Tsono amatola mau a wolamulirayo, nawapeputsa, nawayala m'njira yatsopano. Pijini ilibe mwini, pakuti palibe munthu amene anayamwira. Koma ikapeza ana obadwira m'menemo, amene alibe cilankhulo cina coyamba, imasanduka cilankhulo cathunthu, ndipo akatswiri amaipatsa dzina lina lakuti kiriyoli.

Kumpoto kwa Uganda, m'dziko la South Sudan, kuli cinenero cimene cinayamba monga Cilapalapa koma cinatsata njira ina. Eni ake amacicha Arabi Juba, ndiko kuti Ciarabu ca ku Juba. Cili ndi m'bale wake wochedwa Cinubi, wolankhulidwa ku Uganda ndi ku Kenya. Zonse ziwiri zinacokera ku Ciarabu, cilankhulo ca anthu aja amene makolo anali kuwacha Aluya, ndipo zinabadwira pamalo owawa koposa, m'malinga a ogula akapolo.

NJIRA YA PA NILE ITSEGUKA

M'caka ca 1820 Muhammad Ali, amene anali kulamulira dziko la Egypt m'dzina la mfumu ya Aturuki, anatumiza ankhondo ake kukalanda dziko la Sudan. Iye anali kufuna zinthu ziwiri: golide, ndi akapolo oti awasandutse asilikali. Ankhondowo anamanga msasa pamene mitsinje ya White Nile ndi Blue Nile imakomana, ndipo msasa umenewu ndiwo unakula nukhala mzinda wa Khartoum. Koma njira ya kumwera inali yotsekeka. Pa White Nile pali dambo lalikulu zedi lodzala ndi gumbwa ndi bango, m'mene mtsinje umasocera pakati pa udzu woyandama. Aarabu analicha Sudd, kutanthauza cochinga.

Kuyambira mu 1839 mkulu wina wa zombo, Salim Qapudan, anayesa kubooleza dambo limeneli, ndipo mu 1841 anafika kufupi ndi Gondokoro, m'dziko la anthu a mtundu wa Bari, dera lomwelo m'mene muli mzinda wa Juba lero. Pambuyo pake panatsata amalonda a ku Khartoum, ofuna minyanga ya njobvu imene ku Ulaya anali kusemera zipeso, zigwiriro za mipeni ndi makiyi a piyano. Poyamba anali kugula minyanga ndi mikanda. Mikanda itaculuka niitsika mtengo, eni dziko anayamba kufuna ng'ombe. Pamenepo amalonda aja anasanduka acifwamba: anali kugwirizana ndi mfumu ina kukathira nkhondo mfumu inzake, kulanda ng'ombe zogulira minyanga, ndi kugwira akazi ndi ana kuti akhale akapolo.

Pofuna kudzichinjiriza, amalonda anamanga midzi yozingidwa ndi mipanda ya mitengo ndi minga. Mudzi wotere anali kuucha zariba, mau a Ciarabu onena khola kapena mpanda. Amene anamva mbiri ya malinga a m'nthawi ya nkhondo za makolo adzazindikira msanga maonekedwe ake. Pofika zaka za m'ma 1860 mazariba anali atafalikira m'zigawo za Equatoria ndi Bahr el Ghazal, ndipo Mjeremani wina wofufuza za zomera, Georg Schweinfurth, amene anayenda m'menemo pakati pa 1868 ndi 1871, analemba zambiri za moyo wa m'katimo.

ANTHU A M'ZARIBA

M'zariba munali anthu a magulu angapo. Pamwamba panali eni malonda ndi akapitao ao, ocokera ku Egypt ndi kumpoto kwa Sudan. Ambiri a iwo anali a ku Dongola, amene kwao anali ndi cilankhulo caocao, ndipo Ciarabu cinali caciwiri kwa iwo omwe. Pansi pao panali asilikali aukapolo, anyamata ogwidwa kunkhondo amene anayamba ndi kunyamulira mbuye wao mfuti mpaka atakula napatsidwa yaoyao. Panali omasulira, amtengatenga, ndiponso khamu lalikulu la akazi ogwidwa, amene nchito yao inali kupera mapira, kutunga madzi ndi kuphikira asilikali. Kunja kwa mpanda kunali midzi ya eni nthaka, okakamizidwa kulimira a m'linga cakudya.

Anthu amenewa anali a mitundu ya Bari, Dinka, Moru, Madi, Zande, Bongo, Lotuko, Acholi ndi ina yambiri, ndipo zilankhulo zao zinali zosiyana kutalitali. Amene Ciarabu cinali cobadwa naco anali ocepa. Munalibe sukulu, munalibe mphunzitsi. Wogwidwa anali kungomva mau a mbuye wake, Ciarabu ca pakamwa ca ku Sudan ndi ku Egypt, osati ca m'mabuku, natolapo zimene khutu lake linatha kugwira. Pambuyo pake iye ndiye anali kuphunzitsa wogwidwa watsopano, ndipo watsopanoyo naphunzitsa wina. Motero mau anali kuperepeseka ngati mpini wa khasu wodutsa m'manja ambiri.

Apa ndi pamene cinenero ici cinapatukana ndi Cilapalapa. Ku migodi ya ku Joni amuna anali kukhala okhaokha m'makomponi, akazi ndi ana atatsala kumudzi, ndipo kontalakiti ikatha munthu anali kubwerera kwao. Wa m'zariba analibe kobwerera, pakuti mudzi wake unatenthedwa ndipo abale ake anamwazikana. Msilikali wa mtundu wa Moru anali kukwatira mkazi wogwidwa wa mtundu wa Bari, ndipo m'nyumba mwao munalibe cilankhulo cina comvanirana koma ca m'linga comweco. Mwana wobadwa m'banja lotere anaciyamwira, nacilankhula mwamsanga ndi mwaluso kuposa makolo ake. Cimene kwa atate ndi amai cinali cinenero cobwereka, kwa mwanayo cinali ca kwao.

Mu 1869 boma la Egypt linasankha Mngerezi, Samuel Baker, kuti akalamulire cigawo ca Equatoria ndi kuletsa malonda a akapolo, ndipo mu 1874 Charles Gordon analowa m'malo mwake. Mazariba ambiri anasanduka maboma, ndipo asilikali a amalonda analembedwa m'gulu la nkhondo la boma. Mbendera inasintha, koma anthu anali omwewo, ndi cinenero cao comweco.

ASILIKALI OSIYIDWA

Mu 1881 mtsogoleri wina wa Cisilamu, Muhammad Ahmad, wodziwika ndi dzina lakuti Mahdi, anaukira ulamuliro wa Egypt. Mu January 1885 anthu ake analanda Khartoum napha Gordon. Njira ya pa Nile inatsekekanso, ndipo bwanamkubwa wa Equatoria, dotolo wa Cijeremani wochedwa Emin Pasha, anatsala yekha ndi asilikali ake, wopanda malipiro kapena thandizo. Anasamukira kumwera, ku Wadelai, kufupi ndi nyanja ya Albert. Henry Morton Stanley anamupeza mu 1888, ndipo mu 1889 anamutenga kupita naye kugombe la nyanja yamcere. Koma asilikali ambiri anatsala, pamodzi ndi mabanja ao.

Gulu lina la otsalawa, lotsogozedwa ndi Selim Bey, linamanga pa Kavalli. Mu 1891 anafikako Frederick Lugard, yemwe uja amene mu 1888 anamenyana ndi Mlozi ku Karonga, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, nalasidwa ndi cipolopolo. Pa nthawi iyi Lugard anali kugwirira nchito kampani ya Angerezi imene inali kufuna kulamulira Uganda, ndipo anali kusowa asilikali. Anapangana ndi Selim Bey nasamutsa gulu lonse. Anthuwo anaposa 8,000, koma onyamula mfuti sanafike ngakhale 1,000. Otsala onse anali akazi, ana ndi anchito. Ciwerengero cimeneci cionetsa poyera kuti cinenero cao cinali citalowa kale m'nyumba.

Zidzukulu za anthu amenewa ndizo zichedwa Anubi. Ambiri anakhazikika pa Bombo, kumpoto kwa Kampala, ndi m'matauni ena a Uganda monga Arua. Pamene gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, lomwe lija munalinso asilikali ambiri olankhula Cinyanja ocokera ku Nyasaland, Anubi anali pakati pa asilikali ake odalirika. Ena anatumizidwa ku Kenya napatsidwa malo m'mbali mwa Nairobi, amene iwo anawacha Kibra, kutanthauza nkhalango m'cinenero cao. Ndiyo Kibera ya lero. Dzina lakuti Anubi lisasokoneze munthu: Cinubi ici si cimodzi ndi zilankhulo zakale za ku Nubia, kumpoto kwa Sudan.

Kupatukana kumeneku ndiko kumathandiza akatswiri kudziwa msinkhu wa cineneroci. Anubi anacoka ku Sudan zaka za m'ma 1880, ndipo anakula padera ndi abale ao amene anatsala. Komabe Cinubi ndi Ciarabu ca ku Juba zifanana kwambiri m'mau ndi m'malamulo ake, kotero kuti munthu wa ku Bombo ndi wa ku Juba amamvana popanda bvuto lalikulu. Zikadapanda kucokera pa tsinde limodzi lokhwima kale, sizikadafanana cotero. Tsono popeza mazariba anayamba ca m'ma 1850, ndiye kuti cinenero catsopano cinaumbika m'zaka zosapitirira 40, nthawi yosakwana moyo wa munthu mmodzi.

Nthambi ina inalowera kumadzulo. Rabih, amene anali kazembe wa wamalonda wamkulu al-Zubayr, anacoka ku Bahr el Ghazal mu 1879 ndi asilikali ake, nakafika kufupi ndi nyanja ya Chad, kumene Afalansa anamupha mu 1900. Pijini imene inafalikira kumeneko inachedwa Turku, ndipo mbeu yake ndiyo Ciarabu ca ku Bongor, tauni ya m'dziko la Chad.

MAMANGIDWE AKE

Pa mau khumi alionse a Cinubi, pafupifupi asanu ndi anai ndi ocokera ku Ciarabu, ndipo ca ku Juba cili cimodzimodzi. Komabe Mwarabu wa ku Cairo akamvetsera anthu a ku Juba akuceza, amazindikira mau amodziamodzi koma nkhani yonse imamupita. Cifukwa cake ncakuti njerwa ndi za Ciarabu, koma nyumbayo inamangidwa mwa mtundu wina.

Coyamba ndi kachulidwe. Ciarabu cili ndi maliu ambiri oturukira kukhosi, obvuta kwa munthu amene sanabadwe nao. A m'zariba anawataya kapena kuwasinthanitsa ndi opepuka. Motero khamsa, kutanthauza zisanu, anasanduka kamsa, ndipo khabar, kutanthauza nkhani, anasanduka kabar. Mau ambiri anaonjezedwa liu lotsegula pakamwa kumapeto kwake, monga momwe Cinyanja cinacitira ndi mau a Cingerezi popanga buku, sukulu ndi foloko.

Caciwiri, Ciarabu cimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pafupifupi paliponse. "Iye" wamwamuna ndi huwa, wamkazi ndi hiya, ndipo ngakhale "iwe" ali pawiri. Ku Juba kusiyanitsa kumeneku kunatha. Ana ndiye ine, ita ndiye iwe, uo ndiye iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Anina ndi ife, itakum ndi inu, umon ndi iwo.

Cacitatu, cimene cili cacikulu koposa, ndi mau osonyeza kucita, amene ana a sukulu amawacha aneni. M'Ciarabu ca m'mabuku mneni amasintha thupi lake kawirikawiri: akala ndi "mwamuna anadya," akalat ndi "mkazi anadya," akaltu ndi "ndinadya," ndipo pali mitundu ina yambirimbiri yoti munthu aloweze pamtima. Ku Juba mneniyo ndi mmodzi yekha, akulu, ndipo sasintha. Nthawi imasonyezedwa ndi timau tating'ono toikidwa patsogolo pake:

Ana akulu, ndinadya.
Ana ge akulu, ndili kudya.
Ana bi akulu, ndidzadya.
Ana kan ge akulu, ndinali kudya.
Ana ma akulu, sindinadye.
Umon ge akulu, iwo ali kudya.

Wolankhula Cinyanja adzaona kuti ge, bi ndi kan zigwira nchito yonga ya -ku-, -dza- ndi -na-. Kufanana kumeneku si kwa cibale, pakuti zilankhulo zambiri za ku South Sudan si za banja limodzi ndi Cinyanja. Koma kuonetsa kuti cinenero ici cili ndi malamulo ake okhazikika, ndipo munthu angathe kucilakwitsa monga momwe mlendo amalakwitsira Cinyanja.

M'aneni omwewa muli cipsera ca ukapolo. Akatswiri ambiri amaona kuti aneni oculuka a ku Juba ndi a Cinubi sanacokere ku mau wamba a Ciarabu, koma ku mau olamula. Asma, kutanthauza kumva, anacokera ku liu lakuti "tamvera!" Amsuku, kugwira, anacokera ku lakuti "gwira!" Kapolo watsopano sanamve mbuye wake akusimba nthano. Anamva malamulo okhaokha, nayesa kuti ndilo dzina la nchitoyo. Lero mai wa ku Juba akamauza mnzake kuti wamva nkhani yabwino, amagwiritsa nchito liu limene poyamba linali kukuwa kwa kapitao.

Cacinai ndi kusonyeza mwini cinthu. Kaliu kamodzi, ta, kamaimira wa, ya, ca ndi la onse pamodzi. Juwa ndi nyumba ndipo sultan ndi mfumu, tsono juwa ta sultan ndi nyumba ya mfumu. Nyumba yanga ndi juwa tai, yako ndi juwa taki, yake ndi juwa to. Pofunsa dzina la munthu amati Isim taki munu? ndipo mau ake atatuwo, powatsata limodzilimodzi, ndi "Dzina lako ndani?"

Cacisanu ndi cinthu cimene m'Ciarabu mulibe konse. Monga momwe m'Cinyanja kukweza kapena kutsitsa liu kumasiyanitsira mtengo wa m'chire ndi mtengo wa pamsika, momwemonso ku Juba ndi ku Bombo mphamvu ya liu imasintha tanthauzo. Akulu wokwezedwa poyambirira ndi kudya, koma wokwezedwa pomalizira ndi kudyedwa. Luso limeneli silinabwerekedwe kwa ambuye a m'zariba. Linapangidwa ndi olankhulawo.

Pomaliza pali mau a eni nthaka amene analowamo. Gugu ndi nkhokwe, ndipo keni ndi mkazi mnzake wa pa mitala. Onse awiri ndi ocokera ku Cibari, ndipo onse awiri ndi a pakhomo, dera la amai. Palinso mau a Ciarabu oyalidwa mwa kaganizidwe ka Ciafrika: citamba ca njobvu amacicha ida ta fil, "dzanja la njobvu," monga momwe zilankhulo zina za m'deralo zimanenera. Cinubi cinatolanso mau a Ciswahili ndi a Ciganda. Ndipo pali liu limodzi limene lingaseketse wa Cinyanja: m'Cinubi madzi amachedwa moyo, kucokera ku moya wa Ciarabu ca ku Sudan. Kufananako kunangocitika mwangozi, ngakhale kuti mlimi aliyense angabvomereze kuti sikunaphonye.

MABOMA ACIKANA, ANTHU ACILANDIRA

Angerezi atagonjetsa anthu a Mahdi pa Omdurman mu 1898, anapeza cineneroci cili ciriri pakati pa asilikali, apolisi ndi amesenjala a kumwera. Ena a iwo anali kucicha Ciarabu ca Abimbashi, potengera dzina la udindo wa akuluakulu a asilikali, ndipo ena Ciarabu ca ku Mongalla. Dzina la Juba linadza pambuyo, tauniyo itamangidwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 niikhala likulu la cigawo.

Boma la atsamunda silinacikonde. Linali kuopa kuti Ciarabu ca mtundu uliwonse cidzatsegulira njira Cisilamu ndi ndale za kumpoto. Pa msonkhano wa ku Rejaf mu 1928 anasankha zilankhulo zisanu ndi cimodzi zoti ziphunzitsidwe m'masukulu: Dinka, Nuer, Shilluk, Bari, Lotuko ndi Zande. Mu 1930 anakhazikitsa lamulo lopatula kumwera ndi kumpoto, nalimbikitsa Cingerezi m'maofesi. Koma pamsika ndi m'makampu a apolisi anthu anapitiriza kulankhula monga kale.

Dziko la Sudan litalandira ufulu pa 1 January 1956, mphepo inaomba kucokera kwina. Maboma a ku Khartoum anafuna kuti dziko lonse lilankhule Ciarabu ca m'mabuku. Mu 1957 analanda masukulu a mishoni a kumwera, ndipo mu 1964 anapitikitsa amishoni acilendo. Kwa ophunzira ambiri a kumpoto, cinenero ca ku Juba cinali Ciarabu cothyoka ca anthu osaphunzira. Motero Angerezi anacikana cifukwa cinali Ciarabu, ndipo a ku Khartoum anacinyoza cifukwa sicinali Ciarabu cokwana.

Cimene cinacikuza ndi mabvuto omwewo amene anacibala. Nkhondo yoyamba ya pakati pa kumpoto ndi kumwera inayamba ndi kuukira kwa asilikali pa Torit mu 1955 niitha ndi pangano la ku Addis Ababa mu 1972. Yaciwiri inayamba mu 1983 mpaka 2005. Anthu miyandamiyanda anathawa m'midzi yao nakaunjikana ku Juba, ku Khartoum ndi m'misasa ya othawa nkhondo ku Uganda ndi ku Kenya. M'dziko la mitundu yoposa 60, anthu osonkhanitsidwa cotero anafunanso cinenero cimodzi, ndipo cinalipo kale. Cinalowa m'machalichi, m'mabwalo a milandu a mafumu a m'tauni, m'nyimbo ndi pa wailesi. Pocilemba ambiri amagwiritsa nchito malembo onga a Cinyanja, osati a Ciarabu.

Pa 9 July 2011 South Sudan inakhala dziko lodziimira palokha. Malamulo a dzikolo anaika Cingerezi kukhala cilankhulo ca nchito za boma, nanena kuti zilankhulo zonse za eni nthaka ndi za mtundu wonse, koma Ciarabu ca ku Juba sanacichule. Apa pali mkangano weniweni. Ena amati dzina lokhalo lakuti Ciarabu limawakumbutsa ukapolo ndi nkhondo, ndipo dziko latsopano liyenera kucoka mu mthunzi wa Khartoum. Ena amadandaula kuti ana a m'tauni akukula osadziwa Cibari kapena Cimoru ca agogo ao, dandaulo limene makolo ambiri a ku Lusaka angalimvetse. Koma ena amafunsa kuti: ngati cinenero ici si ca eni nthaka, kwao ndi kuti? Ku Cairo kulibe, ku Mecca kulibe. Cinabadwira m'mbali mwa Nile wa kumwera, ndipo si ca mtundu umodzi, cinthu ca mtengo wapatali m'dziko limene linagwanso m'nkhondo ya paciweniweni mu December 2013. Mu 2012, pamene magulu a zisudzo a maiko ambiri anaitanidwa ku Globe Theatre mu London kukacita masewero a Shakespeare, yense m'cilankhulo ca kwao, gulu la ku South Sudan linacita sewero la Cymbeline m'Ciarabu ca ku Juba.

ANUBI NDI FUNSO LA KWAO

Kwa Anubi nkhani ya cinenero ndi nkhani ya moyo wao weniweni, pakuti iwo ndi mtundu umene unapangidwa ndi cineneroco. Makolo ao anali a mitundu yambiri, ndipo cimene cinawamanga pamodzi ndi usilikali, Cisilamu ndi Cinubi. Ku Uganda, Idi Amin, amene analamulira kuyambira 1971 mpaka 1979, anadalira kwambiri Anubi m'gulu lake la nkhondo. Iye atagwa, mkwiyo wa anthu unagwera mtundu wonse, olakwa ndi osalakwa omwe. Bombo anapasulidwa ndipo ambiri anathawira ku Sudan ndi ku Kenya, nabwerera patapita zaka. Malamulo a dziko la Uganda a mu 1995 anawalemba pa mndandanda wa mitundu ya eni dziko.

Ku Kenya, malo a Kibera amene boma la atsamunda linapatula mu 1918 anali maekala oposa 4,000, koma Anubi sanapatsidwe cikalata ca umwini. Mzinda wa Nairobi utakula, malowo anadyedwa pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri ana a Anubi anali kubvutika kupeza ziphaso za unzika, pofunsidwa maumboni amene ena safunsidwa. Mu 2011 bungwe la African Union loona za ufulu wa ana linagamula kuti dziko la Kenya linawalakwira anawo, ndipo mu 2017 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anapereka kwa Anubi cikalata ca maekala 288.

Mapijini a Ciarabu sanaleke kubadwa. M'maiko a mafuta monga Saudi Arabia, Kuwait ndi Oman, anchito ocokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi maiko ena apanga pijini yaoyao yolankhulirana ndi mabwana ao. Koma ambiri a iwo amapita okha, mabanja atatsala kwao, ndipo kontalakiti ikatha amabwerera. Pijini imeneyo ifanana ndi Cilapalapa: ili ndi kapitao ndi wanchito, koma ilibe mwana.

Apa ndi pamene pagona phunziro la mbiri yonseyi. Maboma atatu otsatizana, la atsamunda, la ku Khartoum ndi la ku Juba komwe, sanacipatse cineneroci mpando, komabe cakhala zaka zoposa 150 ndipo cikukulirakulira. Amene anacisunga si mabwanamkubwa kapena aphunzitsi ai, koma akazi aja ogwidwa amene maina ao sanalembedwe m'buku lililonse. Iwo anatenga mau amene anali kuwalamula nao pa mphero ndi pa citsime, nawagwiritsa nchito poyamwitsa ndi polera ana ao. Tsono munthu asanacinene cilankhulo ca mnzake kuti ncothyoka, ayambe wafunsa ngati pali mwana amene amalira m'cilankhuloco, ndi mai amene amamuyankha.